Nthaka Yaguga: Mbiri ya Kafukufuku wa Akatswiri Osiyanasiyana Kumadera a Chadiza

Mawu oyamba

Mlimi wa ku Zemba, m'boma la Chadiza kuchigawo chakum'mawa kwa Zambia, akafunsidwa chifukwa chimene chimanga chake chachitira chikasu chisanamasule ngayaye, yankho lake limakhala la mawu awiri okha: nthaka yaguga. Mawu awiri amenewa akhala akuzunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zoposa 80. Kunabwera oyeza nthaka ndi zomera, kenaka akatswiri a chikhalidwe cha anthu, a mbiri yakale, a kaganizidwe ka ana ndiponso a ulimi wa mitengo, ndipo aliyense anabwerera kwawo ndi yankho lakelake. Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kulondola mbiri ya mayankho amenewo, kuti tione mmene yankho lina linawongolera linzake, ndi mmene ena mwa mayankhowo anapwetekera anthu omwe ankati akuwathandiza.

Tilinso ndi cholinga china chimene chikukhudza ife a zilankhulo. Tikawerenga zimene ofufuzawa analemba timaona kuti paliponse pamene ntchito inayenda bwino kapena pamene inaphunthwa, panali liwu lina la Chichewa limene wofufuza analimvetsa kapena analimva mwapatalipatali. Ntchito zambiri zimene titchule zinachitikira m'maboma a Chipata, Katete ndi Chadiza, amene pa nthawi ya atsamunda onse anali pansi pa Fort Jameson. Dera lonseli ndi chitunda chimodzi, mvula yake imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo chilankhulo, mbewu ndi mavuto ake n'zofanana, kotero kuti chimene chinapezeka ku Katete chimakhudzanso wa ku Zemba.

Mmene malo anachepera

Achewa a m'dera lino, amene mfumu yawo yaikulu ndi Kalonga Gawa Undi, ankalima mosinthasintha malo. Banja linkatsegula mphanje, kutentha mitengo, ndi kulima mapira, chimanga, nyemba ndi maungu pa matutu kwa zaka zingapo. Zokolola zikayamba kuchepa linkausiya mundawo kuti ugonere. Munda wosiyidwa motere ndiwo tsala. Tsala silinali thengo lopanda mwini, pakuti aliyense m'mudzi ankadziwa kuti ili ndi tsala la uje, ndipo mwini wake kapena adzukulu ake adzabwererapo mitengo ikakula. Koma m'nyengo yogonerayo tsalalo linali la onse pa nkhani ya msipu, nkhuni, udzu ndi mbewa. Tikupempha owerenga asunge mfundo imeneyi, chifukwa tidzaipezanso kutsogoloku. Ulimi wotere umafuna chinthu chimodzi chokha chochuluka, ndicho malo.

Angoni a Mpezeni anakhazikika pafupi ndi pamene pali Chipata lero cha m'ma 1870, ndipo nkhondo zawo zinakankhira Achewa ambiri m'malinga ndi m'mapiri. Komabe chimene chinasandutsa dziko si mkondo ayi, koma pepala. Carl Wiese, Mjeremani wamalonda a minyanga, ananena kuti Mpezeni anam'patsa ufulu pa dziko lake, ndipo pa maziko amenewo kampani ya North Charterland Exploration, yokhazikitsidwa mu 1895, inalandira malo okwana masikweya mailosi 10,000. Kuchiyambi kwa 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Golide amene kampaniyo inkayembekeza sanapezeke, motero inatembenukira ku kugulitsa mafamu kwa Azungu olima fodya. Kuyambira 1913, ndiponso mwalamulo m'zaka za m'ma 1920, anthu anasamutsidwira m'madera opatulidwa otchedwa marizevu. Mtengo wa fodya utagwa mu 1928 Azungu ambiri ananyamuka, malo amene anasungidwira iwo nasanduka thengo, pamene m'marizevu anthu anali atathithikana kotero kuti munda sunkapezanso mpata wogonera. Lipoti la Sir Alan Pim la 1938 linadzudzula mkhalidwe umenewu, ndipo mu 1941 boma linagula kwa kampaniyo maekala oposa mamiliyoni atatu kuti ligawirenso anthu.

Oyeza nthaka ndi masamu awo

Funso loyamba limene boma linapereka kwa akatswiri linali la masamu: kodi malo akutiakuti angasunge anthu angati? Colin Trapnell, amene anaphunzira ku Oxford, anali atayenda pansi m'madera a kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikoli akulemba za nthaka, mitengo ndi kalimidwe, ndipo lipoti lake la chigawochi linatuluka mu 1943. Njira yake yodziwira nthaka poyang'ana mitengo ndi udzu womera pamenepo anaitola kwa alimi eni ake, amene kuyambira kalekale amadziwa kuti pamene pali msangu pali chonde ndipo pamene pachuluka masuku pali nthaka yosauka. William Allan wa m'dipatimenti ya zaulimi anatenga chidziwitso chimenechi nachisandutsa chiwerengero. Maganizo ake anali otere: tidziwe kuti pa malo onse ndi gawo lanji lolimika, munthu mmodzi amafuna munda waukulu bwanji pa chaka, ndiponso nthaka ya mtundu umenewo imalimidwa zaka zingati ndi kugonera zaka zingati. Mwachitsanzo, ngati munda ulimidwa zaka 4 ndipo usowa zaka 20 kuti ubwerere mwakale, ndiye kuti banja lisowa malo owirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa amene likulima chaka chino. Anthu akapitirira chiwerengero chimene masamuwo apereka, zaka za tsala zimafupika, chonde chimatsika, ndipo chaka chilichonse chimaposa chinzake kuipa.

Masamu a Allan ndiwo anagwiritsidwa ntchito posamutsa midzi kuchokera m'marizevu m'zaka za m'ma 1940. Tiyenera kuvomereza kuti munthuyu sanali wonyoza alimi akuda. Buku lake la 1965, The African Husbandman, limaonetsa ulemu waukulu pa nzeru zawo, ndipo iye anali mwa oyamba kunena poyera kuti vuto la marizevu silinali ulesi kapena umbuli koma kuchepa kwa malo. Analinso mwa oyamba kuona kuti katswiri wa nthaka payekha sangathe. Mu 1945 iye, Trapnell ndi D. U. Peters anagwira ntchito limodzi ndi Max Gluckman, mkulu wa Rhodes-Livingstone Institute, pofufuza za malo pakati pa Atonga a ku Mazabuka. Bungwe limeneli, lokhazikitsidwa mu 1937, ndilo linadzakhala nthambi ya kafukufuku ya Yunivesite ya Zambia.

Ngakhale zinali choncho, m'masamuwo tsala linali maekala ndi zaka chabe, ndipo mudzi unali chiwerengero cha pakamwa pofuna nsima. Malangizo a akatswiri atafika m'manja mwa boma anasanduka malamulo. Anthu analamulidwa kusiya matutu, kulima mizere yopingasa ndi kukumba migula yotchinga madzi, ntchito yolemetsa yogwiridwa m'chilimwe nthaka ili gwa, pa nthawi imene amuna ambiri anali ku Walale ndi kumigodi kukasaka ndalama ya msonkho. Wolephera ankalipitsidwa. Migula payokha sinali yoipa, ndipo alimi ambiri lero amaikumba mwa kufuna kwawo. Koma chifukwa inabwera ndi kapitawo ndi chindapusa, inakhala chimodzi mwa zinthu zimene zinakometsa uthenga wa andale omenyera ufulu m'midzi ya chigawo chino m'zaka za m'ma 1950.

Mbumba ndi ufiti

Pamene oyeza nthaka ankawerenga maekala, kunafika anthu a mtundu wina amene ankawerenga maubale. John Barnes anakhala pakati pa Angoni kuyambira 1946, ndipo Max Marwick anakhala pakati pa Achewa a kumadera a Katete mu 1946 ndi 1947, nabweranso mu 1952 ndi 1953. Buku la Marwick, Sorcery in its Social Setting, linatuluka mu 1965. Poyang'ana mutu wake munthu angaganize kuti silikhudzana ndi nthaka, koma ife tikuliona ngati yankho lachiwiri pa funso lomwe lija.

Marwick anasonkhanitsa nkhani pafupifupi 200 za imfa, matenda ndi masoka ena, nafunsa chimene anthu ankati chinachititsa. Yoposa theka ankati ndi ufiti. Chimene chinali chatsopano ndi funso lake lotsatira: woganiziridwayo ndi wovutikayo pali ubale wanji? Anapeza kuti kawirikawiri mfiti sinali mlendo kapena mdani wakutali, koma wachibale wa kuchikazi, wa mbumba imodzi. Kufotokoza kwake kunali kwakuti mlandu wa pakati pa anthu osakhala pachibale umapita kubwalo nuweruzidwa, koma mkangano wa malume ndi mphwake, kapena wa ana a akazi awiri apachibale olimbirana ng'ombe ndi umwini wa mbumba, ulibe bwalo. Umangotukusira pansipansi mpaka wina atadwala kapena kumwalira, ndipo pamenepo mawu amene sakananenedwa masana amatuluka m'dzina la ufiti. Kunenezana kotere ndiko kunkapatsa gawo lina la mbumba chifukwa chomveka chosamukira kukamanga mudzi wake.

Tikaika Marwick pambali pa Allan timaona chimene aliyense payekha sakanationetsa. Kugawikana kwa mudzi kunali njira imene anthu ankathetsera mikangano, komanso inali njira imene nthaka inkapumira, pakuti osamukawo ankatsegula mphanje kwina, minda yakale nisanduka masala. Malo atachepa, ndiponso boma litalamula kuti mudzi usalembedwe ngati ulibe amuna 10 okhoma msonkho, njira imeneyi inatsekeka mbali zonse ziwiri. Abale oyenera kupatukana anakakamizika kulima moyandikana pa nthaka yomwe inali kutha. Si zodabwitsa tsono kuti mu 1947, Marwick ali komweko, anthu ambiri anatengeka ndi gulu la Bwanali ndi Mpulumutsi lolonjeza kuchotsa ufiti m'midzi. Ndipo chilankhulo chenichenicho chinasunga umboni wa kulukana kwa zinthu ziwirizi. Kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga, kamene akatswiri amakatcha Striga asiatica, dzina lake kwathu kuno ndi kaufiti. Akatswiri a zaulimi anadzatsimikiza kuti kaufiti amachuluka pamene chonde chatsika. Wopereka dzinalo anaona chimanga chikufota popanda chooneka chochidya, ndipo anatchula chimene anaona.

Tisapitirire osanenapo za anthu amene mayina awo sapezeka pa zikuto za mabukuwa. Nkhani 200 za ufiti sizitoledwa ndi mlendo amene waphunzira Chinyanja miyezi yochepa. Panali omasulira ndi alembi akuda amene ankadziwa pofunsira ndi posiyira, ndipo Lyn Schumaker m'buku lake la 2001 lonena za Rhodes-Livingstone Institute anaonetsa kukula kwa gawo lawo pa ntchito ya bungwelo. Kafukufuku yense wa m'dera lino, kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero, amadutsa pakamwa pa womasulira.

Yunivesite ya dziko lodzilamulira

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, potsata lipoti la Lockwood la 1963 limene linati sukuluyo iyenera kuyankha zosowa zenizeni za dziko. Mwa ntchito zimene zinatuluka m'zaka zotsatira titchulapo ziwiri.

Yoyamba ndi ya Leroy Vail, katswiri wa mbiri yakale amene anaphunzitsa ku Malawi ndi ku Zambia komwe. M'nkhani yake ya 1977 yonena za chilengedwe ndi mbiri ya kum'mawa kwa Zambia, iye anatembenuza mlandu. Malipoti a atsamunda ankati nthaka inawonongeka chifukwa cha kalimidwe koipa ka anthu akuda. Vail anaonetsa kuti kuwonongekako kunali ndi chaka chake ndi ochititsa ake: kulandidwa kwa malo, kuunjikidwa kwa anthu m'midzi ikuluikulu, kuletsedwa kwa mfuti ndi ulenje, ndi kuchoka kwa amuna kupita kukagwira ntchito kunja. Malo amene anthu anachotsedwamo anamera tchire, nyama zakuthengo zinaswana, akashembe nafalikira mpaka kupha ng'ombe m'madera amene kale kunalibe. Yankho la Vail silinabweze chonde m'munda wa munthu aliyense, koma linachotsa chitonzo chimene chinali chitakhala pa alimi zaka 50.

Yachiwiri ndi ya Robert Serpell, katswiri wa kaganizidwe ka ana, amene anayamba kufufuza m'midzi ya Achewa ku Katete mu 1973 ndipo anadzakhala mkulu wa yunivesiteyi kuyambira 2003 mpaka 2006. M'malo moyamba ndi mayeso ochokera kunja, Serpell anafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti mwa ana akutiakuti angasankhe uti pa ntchito yakutiyakuti yofuna kuganiza, ndiponso chifukwa chake. M'mayankho awo munatuluka kuti liwu lakuti nzeru lili ndi mbali ziwiri, kuchenjera ndi kutumikira. Mwana wochenjera koma wosatumika, wosakhulupirika, akuluakulu sankamuwerengera kuti ndi wanzeru, pakuti kuchenjera kokha ndi kwa Kalulu. Anapezanso kuti ana amene akuluakulu ankawatama sanali kwenikweni amene ankapambana mayeso a akatswiri. Atawatsatira anawo mpaka kukula, monga akufotokozera m'buku lake la 1993, The Significance of Schooling, anaona kuti ambiri amene sukulu inawataya panjira ankadziimba okha mlandu wa kuchepa nzeru, chonsecho anali kusunga mabanja ndi kulima minda bwinobwino. Anthu amenewa ndiwo anadzakhala alimi a m'zaka za m'ma 1990, ndipo tiwapezanso posachedwa.

Pa za nthaka penipeni, boma la Kenneth Kaunda linali ndi yankho lachidule: mbewu ya chimanga ya haibulidi monga SR52 ndi mitundu ya ku Mount Makulu, feteleza wotsika mtengo, ngongole, ndi msika wa NAMBOARD ndi makopaletivu. Chigawo chakum'mawa chinasanduka nkhokwe ya dziko, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 funso la tsala linaiwalika, popeza thumba la feteleza linkachita m'sabata zochepa chimene tsala linkachita m'zaka 20. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, boma latsopano la 1991 linachotsa thandizo la pa mtengo wa feteleza, ndipo chilala cha 1992 chinafika pamwamba pa zonsezi. Mlimi anatsala ndi munda umene unali utalimidwa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, wopanda feteleza ndiponso wopanda mphanje yoti athawireko.

Tsala lobzalidwa

Yankho limene tikuliona kuti linafika pafupi kwambiri ndi mlimi linachokera ku malo a kafukufuku a Msekera, pafupi ndi Chipata, kumene kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a boma ankagwira ntchito ndi bungwe la ICRAF la ku Nairobi motsogozedwa ndi Freddie Kwesiga wa ku Uganda. Funso lawo linali la Allan lomwe lija koma lotembenuzidwa. Allan anafunsa kuti pafunika malo ochuluka bwanji kuti tsala likwane zaka zake. Iwo anafunsa kuti tsala lingafupikitsidwe bwanji kuti likwane pa malo amene alipo. Anayesa mitengo yambiri, ndipo umene unapambana poyamba ndi jelejele, Sesbania sesban. Mtengowu ndi wa m'banja la nyemba. Ku mizu yake kuli timatuza mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakoka nayitrojeni mumpweya, ndipo mizuyo imapita pansi kukatenga chakudya chimene mizu ya chimanga sifikako. Masamba akayoyoka ndi kuwola, zonsezo zimatsalira pamwamba. Zotsatira zimene Kwesiga ndi Richard Coe anafalitsa mu 1994 zinaonetsa kuti munda wogonera zaka ziwiri kapena zitatu uli ndi jelejele umabereka chimanga chowirikiza katatu kapena kuposa poyerekeza ndi munda wolimidwa mosalekeza popanda feteleza. Kaufiti nayenso ankachepa, ndipo mlimi ankapezerapo nkhuni. Pambuyo pake anawonjezapo mthuthu, nandolo ndi gilisidiya.

Ntchitoyi itatuluka pa Msekera kupita m'minda ya alimi a ku Chipata, Katete ndi Chadiza, zinthu zinayamba kusintha m'manja mwa alimiwo. Akatswiri ankafesa mbande m'machubu a pulasitiki, amene ndi odula ndiponso olemera kunyamula. Alimi anayamba kufesa pa nazale wamba wa m'dimba ndi kuwokera mbande zozula, monga amachitira ndi fodya, ndipo mitengo inagwira. Akatswiri ankati munda wa mitengo ukhale wa mitengo yokha. Alimi, posafuna kutaya chaka chathunthu, anabzala mitengoyo m'kati mwa chimanga chaka choyamba, napalira zonse pamodzi. Chimene tikuwayamikira a ku Msekera n'chakuti sanaziyese zimenezi kusamvera. Anazitenga, naziyesa mwa njira zawo, ndipo ataona kuti n'zoona anazisandutsa malangizo. Alimi amene sukulu inawauza kuti nzeru zawo n'zochepa ndiwo anakonza ntchito ya madokotala a zaulimi, ndipo inali nzeru ya mbali zonse ziwiri zimene akuluakulu a ku Katete anauza Serpell.

Mavuto amene anatsatira anaitana akatswiri a magawo ena mmodzimmodzi. Kachilombo kotchedwa Mesoplatys kanayamba kudya masamba a jelejele, ndipo panafunika katswiri wa tizilombo, Gudeta Sileshi. Panafunika akatswiri a zachuma monga Steven Franzel kuti awerengere ngati phindu likuposa thukuta ndi zaka ziwiri zodikira. Kafukufuku wa Alwin Keil wa ku Yunivesite ya Göttingen, wofalitsidwa mu 2005, anapeza kuti mwa alimi amene anayesa njirayi poyamba, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anapitiriza. Koma vuto lalikulu koposa silinali la chilombo kapena la ndalama. Linali la tanthauzo la liwu.

Mwa mwambo, anthu akatha kukolola ziweto zimatayiriridwa kuti zidye mapesi paliponse, ndipo anyamata amatentha tchire posaka mbewa ndi pofuna msipu watsopano wa pa lupsa. Munda uli ndi mbewu ndi wa mwini wake, ndipo ng'ombe ikalowamo pali mlandu. Tsala m'chilimwe ndi la onse. Nanga malo amene munthu wabzalapo mitengo, popanda chimanga, n'kuwasiya zaka ziwiri, ndi munda kapena tsala? Kwa mwini wake, amene anafesa, kuwokera ndi kupalira, unali munda. Kwa mbusa wa ng'ombe ndi kwa mnyamata wa mbewa linali tsala, ndipo palibe mwa iwo amene ankalakwitsa Chichewa. Akatswiri anali atapanga chinthu chimene chilankhulo ndi malamulo a m'mudzi zinalibe malo ake. Mitengo yambiri inadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe, ina inapsa.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 nkhaniyi inatengeredwa kwa mafumu akuluakulu a Achewa ndi Angoni, ndipo iwo anakhazikitsa malamulo oletsa kutayirira ziweto ndi kutentha tchire mwachisawawa. Kunena mwa chilankhulo, mafumuwo anagamula kuti tsala lobzalidwa ndi munda. Oluyede Ajayi ndi Kwesiga atafufuza mu 2003 mmene malamulowo ankayendera, anapeza kuti ankatsatidwa mwapatalipatali, ndipo la moto ndilo linkavuta koposa. Chifukwa chake sichisowa. Ng'ombe ili ndi mwini wodziwika, koma moto wa mbewa ulibe mwini, ndipo ngakhale wotenthayo adziwike, kawirikawiri amakhala mwana wa mlongo wako, wa mbumba yomwe ija imene Marwick anati mlandu wake ulibe bwalo. Tiwonjezepo kuti lamulo loti ziweto ziziwetedwa chaka chonse lili ndi wolisenza, ndiye mwana amene akanakhala m'kalasi.

Pepala la malangizo ndi wolisowa

Pali mbali ina ya mbiriyi imene ikutikhudza ife aphunzitsi mwachindunji. Kuyambira 1966 ana a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba. Kafukufuku wa zilankhulo amene Sirarpi Ohannessian ndi Mubanga Kashoki anasonkhanitsa m'buku la Language in Zambia la 1978 anaonetsa kale kutalikirana kwa chilankhulo cha m'kalasi ndi cha kunyumba. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Eddie Williams wa ku Yunivesite ya Reading anayesa ana a m'masukulu a pulayimale a ku Malawi ndi ku Zambia. Anapeza kuti ana a ku Malawi, amene ankayamba sukulu m'Chichewa, ankawerenga chilankhulo chawo bwino kwambiri kuposa mmene ana a ku Zambia ankawerengera Chinyanja, pamene pa Chingerezi a ku Zambia sanawapose anzawowo ngakhale anayamba nacho msanga. Tanthauzo lake ku Zemba ndi lakuti mlimi wa zaka 30 mu 1995, amene analowa sukulu m'zaka za m'ma 1970 nalekeza panjira, sankatha kuwerenga lipoti la ku Msekera m'Chingerezi, ndipo ngakhale kapepala ka malangizo ka m'Chinyanja kankamuvuta. Uthenga wa mitengo unayenda pakamwa: kudzera mwa alangizi, mwa alimi ophunzitsa anzawo, m'mipingo ndi m'mabungwe monga World Vision. Ndondomeko ya maphunziro ya 1996 ndiyo inatsegula njira yoti ana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chawo, koma kwa mbadwo umene unasenza vuto la feteleza inafika mochedwa.

Mabuku onse amene tatchula m'nkhani ino ali m'Chingerezi. Mawu amene ali pa phata pa mabukuwo, tsala, mbumba, mfiti, nzeru, anatengedwa m'midzi ya Katete ndi Chadiza, nalembedwa mopendekeka pakati pa ziganizo zachilendo, ndipo adzukulu a amene anawapereka sanawerengepo zimene zinanenedwa za iwo. Madipatimenti athu a zilankhulo, amene akanatha kubweza mabukuwa kwa eni ake, sanaione ntchito imeneyi ngati yawo.

Mu 2002 boma la Zambia linayambanso kugulitsa feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo m'zaka zotsatira ndalama za mapulojekiti a mitengo zinachepa. Alimi ambiri anasiya jelejele, amene amafuna kufesedwa mwatsopano nthawi iliyonse ndiponso kulanda munda zaka ziwiri. Mtengo umene unakhalitsa ndi gilisidiya, wochokera ku Central America, umene unayesedwa kwambiri ku Makoka m'boma la Zomba ndipo bungwe la COMACO linaufalitsa m'chigawo chakum'mawa. Uwu ukadulidwa umaphukiranso, masamba ake amakwiriridwa m'mizere, ndipo chimanga chimalimidwa pakati pake chaka ndi chaka, kotero kuti funso lakuti malowo ndi munda kapena tsala silibukanso. Dzina lake linalowa m'Chichewa monga analowera fodya ndi feteleza, m'gulu la mayina a munthu, ndipo alimi amati gilisidiya wanga waphukira.